Dom Bédos, Mmonke Wopanga Malimba

Dom François Bédos de Celles anabadwa pa 24 January 1709 ku Caux, kumwera kwa dziko la France. Mu 1726 anachita malumbiro ake m'chipani cha Benedikito Woyera ku Toulouse, ndipo ntchito imene anaigwira kufikira ukalamba inali yopanga malimba a m'tchalitchi.

Limba lalikulu limalira ndi mpweya wa m'mivukuto wolowa m'zitoliro mazanamazana. Mmisiri wosema ng'oma ku Edingeni adziwa kuti mtengo, chikopa ndi kakungidwe kake ndizo zipatsa ng'oma mawu. Momwemonso ndi zitoliro. Amisiri ankasungunula tini pamodzi ndi mtovu, natsanulira pa gome lalitali, nasula ndi nyundo, napala, kenaka napinda ndi kulumikiza. Tini akachuluka, chitoliro chimalimba ndi kunyezimira, ndipo amisiri ankachikonda pa mawu akuthwa. Mtovu ukachuluka, ankachisungira mawu ofatsa. Zitoliro zazikulu zambiri za mawu apansi zinali zamatabwa.

Chitoliro chachitali chimalira pansi, chachifupi chimalira pamwamba. Chotsekedwa kumutu chimalira pansi monga chotseguka chotalika kawiri. Chonenepa chimapereka mawu odekha, chowonda mawu olasa. Akatswiri a masiku ano apeza kuti miyeso imeneyi, pamodzi ndi kadulidwe ka pakamwa pa chitoliro, imasintha mawu koposa mtundu wa chitsulo. Miyeso yotereyi ndiyo imene Dom Bédos anailemba ndi kuijambula mosamala.

Mu 1748 anatsiriza limba la m'tchalitchi cha amonke cha Sainte-Croix ku Bordeaux. Kuyambira 1766 kufikira 1778 anatulutsa buku lake lalikulu, L'Art du facteur d'orgues, momwe anaika poyera nzeru zimene wophunzira ankazitola pang'onopang'ono pambali pa mmisiri wake. Anamwalira pa 25 November 1779 ku Saint-Denis, pafupi ndi Paris.

Chitapita chipolowe chachikulu cha ku France, zitoliro za limba lake zinasamutsidwira ku tchalitchi cha episkopi mumzinda womwewo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900, mmisiri Pascal Quoirin analimanganso pamalo pake akale, ndipo likulira kufikira lero. Mmonke uja akadafa ndi nzeru zake m'mutu, amisiri a m'mbuyo mwake akadayenda mumdima. Koma popeza anazilemba, buku lake likuwaphunzitsabe.