MOYO WA JEAN-MARIE VIANNEY WOYERA, WANSEMBE WA KU ARS

Caka ndi caka pa tsiku la 4 August, Eklezia Katolika amakumbukira wansembe wina wa ku France, dzina lace Jean-Marie Vianney. Mbiri yace imakambidwa kawirikawiri kwa ansembe ndi kwa anyamata a ku seminale, popeza iye ndiye nkhoswe ya ansembe a m'maparishi. Koma m'mbiri yomweyi muli zambiri zoyenera aphunzitsi ndi makolo, pakuti munthu ameneyu anakula pa nthawi imene machalichi anali otseka, ndipo ansembe analikusakidwa ngati nyama za m'chire. Cikhulupiriro anacilandira pa nyumba ya makolo ace, ndipo atakula anakacidzutsa m'mabanja a mudzi wina umene unali utaciiwala.

Pa khomo la ku Dardilly

Jean-Marie anabadwa pa 8 May 1786 m'mudzi wa Dardilly, pafupi ndi mzinda wa Lyon, nabatizidwa tsiku lomwelo. Atate ace, Matthieu Vianney, ndi amai ace, Marie Béluze, anali alimi. Iwo anali ndi ana 6, ndipo iye anali wacinai. Banjali linali lodziwika ndi kucereza amphawi, ndipo mwambo umenewu unayamba kale: m'caka ca 1770 ambuye ace a mwanayo, Pierre Vianney, analandira pa khomo pao wopempha wina wa pa ulendo, Benoît-Joseph Labre, amene pambuyo pace Eklezia anamulemba m'gulu la Oyera. Cotero mwanayo anazolowera kuona alendo osauka akuotha moto ndi kudya pamodzi ndi eni nyumba.

Mphunzitsi wace woyamba anali amai ace. Iwo ndiwo anamphunzitsa cizindikiro ca mtanda ndi mapemphero a m'mawa ndi a madzulo, asanadziwe ngakhale lemba limodzi. Tsiku lina, akali wamng'ono, analimbana ndi mlongo wace Marguerite cifukwa ca korona. Amai anamuuza kuti ampatse mlongo waceyo, ndipo iye anamvera ndi misozi. Pofuna kumtonthoza, amai anampatsa kacifanizo ka mtengo ka Maria Virigo Woyera. Kacifanizo kameneka anali kuyenda nako kubusa, ndipo kumeneko anali kusonkhanitsa abusa anzace ndi kuwabwerezera zimene anamva kwa amai.

Zaka za mabvuto

M'caka ca 1789 kunabuka cipanduko cacikulu m'dziko la France. Caka cotsatira, 1790, boma latsopano linalamula ansembe kulumbira kuti adzamvera malamulo ace pa zinthu za Mpingo, ndipo Papa anakana lamulolo. Ansembe amene anakana kulumbira anacotsedwa m'maparishi mwao. Ena anathawira ku maiko ena, ena anamangidwa, ena anaphedwa. Pofika 1793 machalichi ambiri anatsekedwa. Otsala mwa ansembe okhulupirika anali kuyenda mobisala, atabvala ngati amisiri kapena alimi.

Banja la Vianney linasankha kutsata ansembe obisalawo, ngakhale linadziwa kuti wosunga wansembe wotere akanatha kulangidwa koopsa. Usiku makolo anali kudzutsa ana ndi kuyenda nao mwakacetecete kufikira ku nyumba ya mlimi wina kapena mosungira udzu, kumene Misa inali kucitikira pa kuwala kwa kandulo. Mwana amene waona atate ace akuika moyo wao pa ngozi cifukwa ca Misa imodzi safunikanso mau ambiri omuuza kuti Misa ndi cinthu ca mtengo wapatali.

Jean-Marie analapa koyamba ali ndi zaka 11, m'nyumba ya kwao momwe, kwa wansembe wobisala, Bambo Groboz. Pambuyo pace anatumizidwa kwa abale a amai ace ku Écully kuti akaphunzire katekisimu. Omphunzitsa anali asisitere awiri amene nyumba yao inali itapasulidwa ndi boma. M'caka ca 1799, ali ndi zaka 13, analandira Ukaristia koyamba m'cipinda ca mazenera otseka, pamene amuna ena analikutsitsa udzu pa ngolo kunja, kuti odutsa m'njira asazindikire kanthu.

Wophunzira wocedwa kumva

Mtendere wa Mpingo unabwerera ndi pangano la pakati pa Napoleon ndi Papa Pius VII m'caka ca 1801. Jean-Marie anali mnyamata wa khasu, wodziwa pang'ono cabe kuwerenga ndi kulemba. Pamene anaulula kuti afuna unsembe, amai ace anakondwa, koma atate ace anakana kwa nthawi, cifukwa manja ace anali kufunika m'munda ndipo ndalama za sukulu panalibe. M'caka ca 1806 anabvomera, ndipo mnyamatayo, ali pafupi ndi zaka 20, anakalowa ka sukulu ka Bambo Charles Balley, wansembe wa parishi ya Écully.

Kumeneko anakhala pamodzi ndi ana aang'ono kwa iye, ndipo Cilatini cinamkanika. Tsiku lina mnzace wamng'ono, Mathias Loras, atatopa ndi kumfotokozera cinthu cimodzimodzi, anam'menya pamaso pa anzao. Jean-Marie sanabwezere, koma anagwada napepesa cifukwa ca kucedwa kumva kwace. Mwana uja anagwidwa ndi manyazi nalira, ndipo awiriwo anakhala abwenzi. Loras ameneyu ndiye anadzakhala Episkopi woyamba wa ku Dubuque, ku America.

Mabvuto ena anadza m'caka ca 1809, pamene anaitanidwa ku usilikari kuti apite ku nkhondo ya ku Spain. Anadwala, ndipo atacira anapeza gulu lace litanyamuka. Polilondola anatopa m'njira, ndipo munthu wina anamtengera ku mudzi wa m'mapiri wochedwa Les Noës, kumene kunali kubisala ena othawa nkhondo. Anakhala komweko koposa caka cimodzi ndi dzina lina, akuphunzitsa ana a m'mudzimo kuwerenga ndi katekisimu. Mlandu wace unatha pamene mng'ono wace François analowa usilikari m'malo mwace. Koma François sanabwererenso kwao. Jean-Marie anafika ku Dardilly kuciyambi kwa 1811, ndipo patangopita masabata owerengeka amai ace anamwalira.

Anapita ku seminale yaing'ono ya Verrières mu 1812, ndi ku seminale yaikulu ya ku Lyon mu 1813. Kumeneko maphunziro onse anali m'Cilatini, ndipo anabwezedwa. Apa ndipo pamene ukulu wa Bambo Balley unaonekera. Iwo sanamtaye wophunzira wao, koma anamtenganso ku Écully, nayamba kumphunzitsa zomwezo m'Cifalansa, cinenero cimene anali kumva. Ndiponso anakamcondelera kwa akulu a dayosizi, nacitira umboni za kupemphera kwace ndi nzeru zace zodziwa kusiyanitsa cabwino ndi coipa. Akuluwo anabvomera, ndipo pa 13 August 1815 Jean-Marie anadzozedwa unsembe ku Grenoble, ali ndi zaka 29. Anakhala wothandiza wa mphunzitsi wace yemweyo kufikira imfa ya Bambo Balley mu December 1817.

Mudzi wa Ars

Mu February 1818 Bambo Vianney anatumizidwa ku Ars, kamudzi ka anthu pafupifupi 230 kumpoto kwa Lyon. Anthu a kumeneko sanali adani a Mpingo, koma ambiri mwa makolo anali aja amene anakula pa zaka za cipanduko osaphunzira katekisimu, ndipo analibe copatsa ana ao. Pa tsiku la Mulungu ngolo zinali kupita ku minda monga masiku onse. Amuna anali kutha ndalama za banja m'nyumba za mowa, zimene zinalipo 4 m'kamudzi kakang'ono kotere.

Wansembe watsopanoyo anayamba ndi kupemphera. Mbandakuca anthu anali kuona nyali ikulowa m'chalichi, ndipo anali kuwapeza atagwada patsogolo pa Ukaristia kwa maora ambiri. Cakudya cao cinali mbatatesi zophika, zimene anali kudya masiku angapo zitazizira. Pambuyo pa pemphero anayamba kuyendera mabanja. Anali kufika masana, pa nthawi ya cakudya, pamene onse a pa nyumba ali pamodzi. Pokhala mwana wa mlimi, anali kufunsa za tirigu ndi za ng'ombe, kufunsa maina a ana ndi zaka zao, ndipo potsiriza pace anali kunena mau ocepa a za Mulungu. Mwa njira imeneyi anadziwa khomo lililonse ndi mabvuto ace.

Ana anali kuwasonkhanitsa m'mamawa pa 6 koloko, asanapite kubusa, m'miyezi ya cisanu imene nchito za m'munda zinali kucepa. Anali kuwaphunzitsa ndi mau apafupi ndi mafanizo a mbalame, nkhosa ndi maluwa a m'munda. Akazi anawasonkhanitsa m'bungwe la Korona, ndipo amuna m'bungwe la Sakramenti Loyera. Analimbikitsa kuti banja lililonse lizipemphera pamodzi madzulo, ndipo pang'onopang'ono anthu anazolowera kubwera ku chalichi dzuwa litalowa kudzapemphera ndi wansembe wao. M'caka ca 1821 Ars anakhala parishi payekha.

Pa zaka zoyambazo Bambo Vianney anali aukali pa kulalika, makamaka potsutsa kuledzera, kutukwana, kugwira nchito pa tsiku la Mulungu ndi magule a usiku. Ena anakwiya nawanenera mabodza, ndipo ansembe ena anadandaula kwa Episkopi kuti munthu wosaphunzira cotere sayenera kulangiza anthu. Koma nyumba za mowa zija zinatsekedwa imodzi imodzi posowa ogula. Pokula m'zaka wansembeyo anafatsa, ndipo maulaliki ao anadzala ndi za cifundo ca Mulungu.

Sukulu za m'parishi

Munthu amene anasauka ndi maphunziro ndiye anadziwa mtengo wace wa sukulu. Bambo Vianney anaona kuti atsikana a ku Ars, amene adzakhala amai a mawa, analibe kophunzira. Anasankha atsikana awiri a m'mudzi momwemo, Catherine Lassagne ndi Benoîte Lardet, nawatumiza kwa asisitere ku Fareins kuti akaphunzire uphunzitsi, nawalipirira okha. M'caka ca 1824 anatsegula sukulu yaulere ya atsikana yochedwa La Providence, ndipo kuyambira 1827 nyumbayo inayamba kulandiranso ana amasiye, amene nthawi zina anali kufika 60. Aphunzitsiwo analibe malipiro, ndipo masiku ena ufa unali kutha m'nyumba, koma nchitoyo inapitirira zaka zoposa 20, kufikira asisitere analandira nyumbayo mu 1848. Sukulu ya anyamata inaperekedwa kwa Abale a Banja Loyera a ku Belley mu 1849.

Tsiku ndi tsiku pa 11 koloko wansembeyo anali kuphunzitsa katekisimu ana a La Providence. Akulu anayamba kudzakhala kumbuyo ndi kumvetsera, ndipo atacuruka phunzirolo linasamukira m'chalichi. Mbiri ya Ars inamveka m'dziko lonse, ndipo anthu zikwi zambiri anali kufika caka ciliconse kudzalapa. Pa zaka zao zotsiriza Bambo Vianney anali kukhala molapitsira maora 11 kapena 12 pa tsiku m'nyengo ya cisanu, ndi kufikira 16 m'nyengo yotentha. Kangapo anayesa kucoka kuti akakhale kwa okha ndi kupemphera, koma nthawi zonse anabwerera kwa anthu ao.

Anamwalira pa 4 August 1859, ali ndi zaka 73, atatumikira ku Ars zaka 41. Papa Pius X anawacha Wodala mu 1905. Papa Pius XI anawalemba m'gulu la Oyera pa 31 May 1925, ndipo mu 1929 anawaika kukhala nkhoswe ya ansembe a m'maparishi. Papa John Paul II anakapemphera ku Ars mu 1986.

Poyang'ana moyo umenewu, nkoyenera kuwerenga anthu amene anaumanga: amai amene anaphunzitsa mwana kupemphera, atate amene anayenda naye usiku kunka ku Misa, asisitere awiri opanda nyumba, wansembe amene anakana kutaya wophunzira wolephera, ndi atsikana awiri a m'mudzi amene anakhala aphunzitsi. Mwa iwo munalibe wochuka kapena wolemera. Mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi, kumene wansembe safika kawirikawiri, aima pakati pa khomo la makolo ndi khomo la chalichi. Ngati adziwa mabanja a ana ace monga Bambo Vianney anadziwira a ku Ars, nakumbutsa makolo za pemphero la madzulo, katekisimu wa m'kalasi adzapeza pomera. Ndipo akadzatopa ndi mwana wamkulu msinkhu wokhala kumbuyo, amene samva msanga, akumbukire Bambo Balley ndi wophunzira wao wa ku Dardilly.