Bernini, mmisiri wa akasupe a ku Rome

Gian Lorenzo Bernini anabadwa m'chaka cha 1598 mumzinda wa Naples, ku Italy, koma anakulira ku Rome. Bambo ake, a Pietro, anali osema miyala, ndipo mwanayo anayamba kugwira tchizulo ndi hamala ali wamng'ono kuposa ife a Fomu 2.

Ndasankha kulemba za iyeyu chifukwa kalabu yathu ya sayansi ikufuna kumanga kasupe wokongoletsa pabwalo la mbendera, ndipo ambiri mwakhala mukutiseka kuti madzi angatumphuke bwanji popanda pampu ndi magetsi. Anzanga, nthawi ya Bernini magetsi kunalibe. Madzi ankachokera kunja kwa mzinda kudzera m'ngalande zotsetsereka pang'onopang'ono, basi. Lamulo lake ndi limodzi: madzi satumphuka kupitirira msinkhu wa komwe achokera.

Pabwalo lina lotchedwa Piazza di Spagna madzi ankafika ofooka kwambiri. Bernini ndi bambo ake sanalimbane nawo. Anakumba pansi n'kusema bwato lamwala looneka ngati likumira, madzi n'kumasefukira m'mbali mwake. Mpaka lero alendo amaliona ngati luso chabe, chonsecho linali vuto. Ifenso tikaika diramu lathu pachulu, kasupeyo tidzam'mange m'munsi.

Papa Urban VIII ankamukonda zedi, ndipo mu 1629 anamuika kukhala mkulu wa amisiri omanga tchalitchi cha St Peter. Koma nsanja ya mabelu imene anamanga kumeneko inachititsa ming'alu pakhoma. Papayo atamwalira mu 1644, adani ake anapezerapo mpata. Papa watsopano, Innocent X, analamula kuti nsanjayo igwetsedwe. Tangoganizani manyazi ake, mzinda wonse ukuonerera ntchito yako ikuphwasulidwa!

Papa yemweyo atafuna kasupe wamkulu pabwalo la Piazza Navona, anaitana amisiri ena, Bernini n'kumusiya. Nkhani imati iye anapangabe kachitsanzo kakang'ono ka kasupeyo, ndipo mnzake wina anakaika m'chipinda chomwe Papa ankayenera kudutsamo. Atakaona, mtima unasintha, ntchito n'kupita kwa Bernini.

Kasupeyo anatha mu 1651. Pakati pali thanthwe lobooka uku ndi uku, ndipo pamwamba pa mphakoyo paima chipilala chachitali chamwala, moti ukachiyang'ana pachithunzi umachita nthumanzi kuti chigwa. M'makona muli ziboliboli zinayi za amuna amphamvu, zoimira mitsinje ya Danube, Ganges, Rio de la Plata ndi Nile wathu wa mu Africa muno. Wa Nile anam'phimba kumutu ndi nsalu chifukwa azungu a nthawiyo sankadziwa komwe mtsinjewo umayambira. Ine zimenezi zinandiseketsa, poti anthu okhala m'mbali mwa nyanja ya Victoria ankawedzamo nsomba tsiku ndi tsiku.

Koma pali china chimene sichinandisangalatse. Kasupeyu ankamangidwa m'zaka zanjala, ndipo ndalama zake zinachokera kumisonkho ya anthu wamba. Anthu okwiya ankalemba timapepala n'kumata pamiyala yomangirayo, kudandaula kuti akufuna buledi. Kwa ine, iwowo sanalakwe. N'chifukwa chake ndikuti madzi a kasupe wathu, amene tidzachite kusenza kuchokera kumjigo, asamangotayika. Azigwera m'beseni la simenti n'kupita kudimba la sukulu, ndipo ntchito yotunga isagwere atsikana okha.

Bernini anagwira ntchito mpaka ukalamba, ngakhale kumapeto dzanja lake lamanja linafa ziwalo. Anamwalira mu 1680 ali ndi zaka 81. Anaikidwa m'tchalitchi cha Santa Maria Maggiore, pansi pa mwala wosyasyalika wopanda chiboliboli chilichonse.