Theodor Boveri: Munthu Amene Anaphunzira kwa Njoka za M'mimba

Palibe mphunzitsi wa m'tsinde mwa phiri la Chambe amene sadziŵa njoka za m'mimba, pakuti zimajombetsa ana kusukulu. Koma ndi oŵerengeka amene amadziŵa kuti mazira a njoka za mtundu womwewu ndiwo anaunikira akatsŵiri za chiyambi cha thupi.

Theodor Boveri anabadwira ku Bamberg, m'dziko la Germany, m'chaka cha 1862. Anaphunzira ku Munich, ndipo mu 1893 analandira udindo wophunzitsa za zinyama pa yunivesite ya Würzburg. Anali waluso pojambula, ndipo lusoli linamthandiza kwambiri pa ntchito yake.

Boveri anasankha njoka ya m'mimba mwa kavalo chifukwa m'selo yake muli timaulusi tiŵiri kapena tinayi tokha, totchedwa ma chromosome, timene timasunga chibadwa cha cholengedwa. Popeza ndi tochepa ndiponso tonenepa, timaoneka bwino pa maikulosikopu. Mu 1887 anaona chodabwitsa. Dzira likayamba kugaŵikana, selo imodzi imasunga timaulusi take tathunthu, pamene zinzake zimadula nsonga za timaulusito ndi kuzitaya. Selo zotaya nsonga zija zimamanga thupi la njokayo, koma yosungayo ndiyo imadzatulutsa mazira ndi mbewu yaumuna. Motero mbadwo wa maŵa umapatulidwa mluza usanaoneke n'komwe ngati njoka.

Sanalekere pomwepo. Mu 1910 anaonetsa kuti zinthu zozinga timaulusito m'kati mwa dzira ndizo zimalamula selo imene idzasunge ndi imene idzataye. Mu 1914 anafalitsa buku lonena kuti khansa imayamba pamene timaulusi tasokonezeka m'selo imodzi, ganizo limene anthu analivomereza patapita zaka zambiri. Anamwalira ku Würzburg mu 1915. Wophunzira wake, Hans Spemann, analandira mphoto ya Nobel mu 1935.

Inu amene mukukonzekera uphunzitsi, zindikirani kuti chida chachikulu cha Boveri chinali kuyang'anitsitsa ndi kujambula chokhacho chimene maso aona. Sukulu ingasoŵe maikulosikopu, koma m'dzinja mazira a achule sasoŵa m'zithaphwi. Aikeni m'botolo la madzi, ndipo ana ajambule tsiku ndi tsiku mpaka mbululu zituluke. Mwana amene wazoloŵera kuuzidwa yankho asanaone yekha amatuluka m'sukulu ali ndi maso osapenya.