Lyndon Johnson ndi Lamulo la Mfuti

Lyndon Baines Johnson adabadwa m'chaka cha 1908 ku Texas, dera limene mfuti idali ngati khasu pakhomo. Asanalowe ndale adali mphunzitsi wa ana osauka ku Cotulla. Upulezidenti wa Amereka adaulandira pamaliro, pa 22 Novembala 1963, John Kennedy ataphedwa ku Dallas ndi mfuti yochita kuitanitsa pa positi.

Mu 1968 zipolopolo zidatenganso Martin Luther King ndi Robert Kennedy. Pa 10 Juni, Johnson, mwa mphamvu za udindo wake, adakhazikitsa bungwe lofufuza magwero a chiwawa, nasankha Milton Eisenhower kuti alitsogolere. Koma mphamvuzo zidali ndi malire. Iye adafuna kuti mfuti iliyonse ilembedwe m'kaundula, ndiponso kuti mwini wake akhale ndi chiphaso. Nyumba ya Malamulo idakana. Lamulo limene adasaina pa 22 Okotobala lidaletsa kugula mfuti pa positi, ndi kuzigulitsa kwa ana ndi kwa opezeka olakwa pa milandu ikuluikulu. Ndi phazi lalifupi ndithu, ndipo mwini wake sadabise kukhumudwa kwake.

Adamwalira pafamu pake mu 1973, kaundula uja palibe.