David Livingstone

David Livingstone (19 Marichi 1813 – 1 Meyi 1873) anali dokotala, mmishonale komanso woyendera maiko wa ku Scotland. Asanabwere ku Africa anali wantchito wa m'fakitale yopota ulusi, ndipo zimenezi zinakhudza kwambiri mmene ankaonera dera la mtsinje wa Shire.

Ubwana wake

Anabadwira ku Blantyre, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito pa fakitale ya thonje ya Henry Monteith & Co., komwe ankalumikiza ulusi ukaduka pamakina. Ankalowa 6 koloko m'mawa n'kuweruka 8 koloko usiku, kenako n'kupita kusukulu. Ali ndi zaka 19 anakwezedwa kukhala wopota ulusi, ndipo malipiro ake ndi amene anamuthandiza kuyamba maphunziro a udokotala ku Glasgow mu 1836. Anafika ku South Africa mu 1841 atatumidwa ndi London Missionary Society.

Maulendo a ku Shire

Mu Epulo 1859 iye ndi John Kirk anafika pa nyanja ya Chilwa, yomwe mbali ina ili m'boma la Machinga. Mu Seputembala chaka chomwecho anatsata Shire wapansi mpaka ku nyanja ya Malawi. Mu 1861 anthu ake ananyamula bwato kulambalala mathithi, n'kupalasa pamtsinjewu pomwe lero pali malire a Machinga ndi Balaka, kudutsa pa Malombe mpaka kunyanja.

Chimene chinamukopa mtima ndi thonje. Anapeza Amang'anja akulima, kupota ndi kuomba okha nsalu, luso lomwe iye ankalidziwa kuyambira ali mwana. Analemba za mitundu ya thonje la kuno: lina lochokera kunja, la ulusi wautali, ndi lina la makolo, lalifupi, lomwe m'manja limamveka ngati ubweya wa nkhosa. Maganizo ake anali akuti mafakitale a ku Britain akamagula thonjeli, mafumu adzaleka kugulitsa anthu.

Sizinatheke. Mathithi ankatchinga sitima, nkhondo zogwira akapolo zinakula, ndipo chilala cha 1862 ndi 1863 chinapha anthu ambiri m'chigwa cha Shire. Mishoni ya ku Magomero inalephera, mkazi wake Mary anamwalira ku Shupanga mu 1862, ndipo mu 1863 boma la Britain linamuitanitsa. Ena amamudzudzula kuti anakokomeza ubwino wa njira ya pa Shire. Ngakhale zili choncho, Balaka lero ndi limodzi mwa maboma olima thonje kwambiri m'Malawi.

Imfa yake

Anamwalira m'mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia. Susi, Chuma ndi anzawo anakwirira mtima wake komweko n'kunyamula thupi mpaka kugombe la nyanja ya mchere. Anaikidwa ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874. Mu 1876 amishonale a Church of Scotland anatcha malo awo Blantyre pokumbukira kwawo kwa Livingstone.