John William Colenso: Bishopu Amene Anakana Kunamiza Womufunsa

Anthu ambiri kuno ku Malawi amadziwa za Bishopu Charles Mackenzie, mtsogoleri wa amishoni a UMCA amene anamanga ku Magomero m'chaka cha 1861 ndi kumwalira ndi malungo mu Januwale 1862 kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Koma ndi owerengeka amene amadziwa kuti asanafike kuno, Mackenzie anatumikira ku Natal kuyambira 1855 pansi pa John William Colenso, bishopu amene anagwedeza mpingo wa Anglican chifukwa cha funso limodzi: kodi zonse za m'Baibulo zinachitikadi monga momwe zinalembedwera?

Colenso anabadwa pa 24 Januwale 1814 ku St Austell, m'dera la Cornwall ku Mangalande. Mayi ake anamwalira iye akali mnyamata, ndipo chuma cha bambo ake chinathera m'migodi. Komabe anali katswiri wa masamu, kotero kuti m'chaka cha 1836 anakhala wachiwiri pa mayeso a masamu ku Yunivesite ya Cambridge. Anaphunzitsa pa sukulu ya Harrow, kumene moto unapsereza nyumba yake ndi kumusiya m'ngongole yaikulu. Mabuku a masamu amene analemba ndiwo anamuthandiza kubweza ngongoleyo.

M'chaka cha 1853 anadzozedwa kukhala bishopu woyamba wa Natal. Anamanga mishoni yake pafupi ndi Pietermaritzburg naitcha Ekukhanyeni, ndiye kuti malo a kuwala. Anaphunzira Chizulu, nalemba galamala ndi dikishonale ya chilankhulocho. Anakananso kukakamiza amuna a mitala kuthamangitsa akazi awo asanabatizidwe, poona kuti amene akanavutika ndi amayi ndi ana osalakwa. Azulu anamupatsa dzina lakuti Sobantu, tate wa anthu.

Mkuntho unayamba pa ntchito yomasulira Baibulo. Pamene ankamasulira nkhani ya chigumula cha Nowa, womuthandiza wake, Mzulu wotchedwa William Ngidi, anafuna kudziwa ngati bishopuyo ankakhulupiriradi kuti nyama zonse ndi mbalame, za m'maiko otentha ndi ozizira, zinalowa m'chingalawa chimodzi ndi kuti Nowa anazipezera chakudya zonsezo. Colenso anali atawerenga za sayansi ya miyala ndi nthaka, ndipo ankadziwa kuti palibe umboni wakuti madzi anamizapo dziko lonse nthawi imodzi. Akanatha kumukalipira womufunsayo kapena kumuzemba. Koma mtima wake sunalole kunena bodza m'dzina la Mulungu.

Tsono anatenga mabuku asanu a Mose ndi buku la Yoswa nawayesa ndi masamu. Buku la Eksodo limati amuna amene anatuluka ku Igupto analipo ngati 600,000. Kuwonjezapo akazi ndi ana, chiwerengerocho chikanaposa 2 miliyoni, pafupifupi theka la anthu onse amene anawerengedwa m'Malawi pa kalembera wa 1966. Kodi khamu lotere, pamodzi ndi ziweto zake, linkapeza kuti madzi, nkhuni ndi msipu m'chipululu? Kodi ansembe atatu okha, Aroni ndi ana ake awiri, akanatha bwanji kupereka nsembe za anthu onsewo? Nanga bwalo la chihema, la mikono 100 m'litali ndi 50 m'lifupi, likanakwana bwanji msonkhano wonse wa Aisraeli? Iye anatsimikiza kuti mabukuwo sanalembedwe ndi Mose yekha, ndi kuti si mbiri yolembedwa ndi mboni yoona ndi maso. Gawo loyamba la kafukufuku wakeyo linasindikizidwa m'chaka cha 1862, ndipo lachisanu ndi chiwiri linatuluka mu 1879.

Mpingo unakwiya koopsa. Anthu ku Mangalande ankamuseka kuti anapita kukatembenuza Azulu koma Mzulu ndiye anamutembenuza. Otsutsana naye anali ndi mfundo yolemera: ngati manambala a Mose ndi olakwika, Mkhristu wamba adzadziwa bwanji pamene kulakwako kwathera? Bishopu Robert Gray wa ku Cape Town anamuzenga mlandu namuchotsa pa udindo mu Disembala 1863. Khoti lalikulu la Mfumukazi ku London linagamula mu 1865 kuti Gray analibe mphamvu zotero, komabe iye anamudula mu mpingo mu 1866. M'chaka cha 1869 anadzoza bishopu wina, William Macrorie, ndipo Akhristu a ku Natal anagawikana pawiri. Mkanganowu unali chimodzi mwa zifukwa zoitanitsira msonkhano woyamba wa mabishopu ku Lambeth mu 1867.

Zaka zomwezo ophunzira ena anasiyiratu chikhulupiriro. M'chaka cha 1869 wasayansi Thomas Huxley anapeka mawu akuti agnostic, kutanthauza munthu amene amaona kuti palibe angadziwe ngati Mulungu alipo kapena ayi. Colenso sanatsate njira imeneyo. Kwa iye Baibulo linali ndi mawu a Mulungu, ngakhale kuti olilemba anali anthu okhoza kulakwa. Anaphunzitsa kuti chikhulupiriro chimene chimaopa choonadi n'chosalimba, ndipo anapitiriza kulalikira mpaka imfa yake.

Khalidwe lomwelo losafuna bodza linamudanitsanso ndi boma la atsamunda. Pamene mfumu Langalibalele ya Ahlubi inaweruzidwa mokondera mu 1874 ndi kutumizidwa ku Robben Island, Colenso anapita yekha ku London kukaidandaulira, ndipo ubwenzi wake ndi Theophilus Shepstone, mkulu woona za anthu akuda, unathera pomwepo. Anatsutsanso nkhondo imene Angerezi anathira mfumu Cetshwayo mu 1879. Azungu ambiri a ku Natal anamusala. Anamwalira pa 20 Juni 1883 naikidwa m'tchalitchi cha St Peter ku Pietermaritzburg, ndipo mwana wake wamkazi, Harriette, anapitiriza kumenyera Azulu chilungamo.

Mkangano wa Colenso sunathe. Lero masukulu ambiri a ubusa amaphunzitsa kuti mabuku a Mose anachokera m'zolemba zingapo, pamene mipingo ina imaumirira kuti m'Baibulo mulibe cholakwa ngakhale chimodzi. M'madera monga Chikweo ku Machinga ndi ku Balaka, kumene Akhristu ndi Asilamu amakhala moyandikana, mwana wasukulu sachedwa kumva kuti buku limene kwawo amalilemekeza ena amalikayikira. Akale anati safunsa anadya phula. Mwana wotere akaimika dzanja m'kalasi ndi funso la Ngidi, mphunzitsi angayankhe monga wokhulupirira kapena monga wokayika, koma mbiri ya Sobantu ikuonetsa kuti wofunsa moona mtima ayenera kuyankhidwa zoona.