Ludwig Guttmann, Dokotala wa Othyoka Msana

Ludwig Guttmann adabadwa ku Germany m'chaka cha 1899. Ali mnyamata ankathandiza pa chipatala china. Kumeneko adaona munthu wokumba malasha atathyoka msana. Madokotala adalibe naye chiyembekezo, ndipo patangopita masabata ochepa munthuyo adamwalira. Guttmann sadaiŵale zimenezi.

Popeza adali Myuda, ndipo Ayuda ankazunzidwa kwawoko, adathaŵira ku England mu 1939. Mu 1944 adayamba kusamala ovulala msana pa chipatala cha Stoke Mandeville. Adalamula kuti odwala azitembenuzidwa maola aŵiri alionse, usana ndi usiku, kuti asatuluke zilonda. Motero ambiri adapulumuka.

Guttmann adafufuzanso za thukuta. Taganizani za wothyola tiyi ku Thyolo: dzuŵa likamuwomba, thukuta limamuziziritsa. Koma mtsempha wa mumsana ukaduka, kumunsi kwa thupi sikutuluka thukuta bwino. Choncho wovulalayo ayenera kupeŵa kutentha.

Iye ankakhulupirira kuti maseŵera ndi mankhwala. Pa 29 July 1948, odwala 16 adapikisana kuponya mivi ali pa njinga zawo za olumala. Mu 1960 mpikisanowo udachitikira ku Rome. Umu ndimo adayambira maseŵera a Paralympics, amene Malaŵi adachita nawo koyamba mu 2016.

Guttmann adamwalira mu 1980. Lero madokotala akuyesa kudzutsa mtsempha wovulala ndi mphamvu yochepa ya magetsi, kupitiriza ntchito yake.

Mafunso
1. Kodi odwala ankatembenuzidwa chifukwa chiyani?
2. Fotokozani ntchito ya thukuta.